Zimene Mwaona, Nenani: Mawu kwa Anamwino Atsopano a ku Chipinda cha Ngozi

Nkhani imene inalankhulidwa kwa anamwino amene akuyamba ntchito m'zipinda za ngozi ndi matenda adzidzidzi mumzinda wa Blantyre

 

Ana anga, sukulu mwamaliza. Ena mwachokera ku Kamuzu University of Health Sciences, ena ku Malawi College of Health Sciences, ena ku makoleji a mishoni. Mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi mwakhoza. Kubaya jakisoni mumatha, kupeza mtsempha mumatha, kuyeza BP mumatha. Manja anu sindikuwakayikira. Chimene chandiimika pano ndi pakamwa panu. Ndaona kawirikawiri kuti namwino watsopano amazindikira msanga kuti wodwala wasintha, koma mawu amamuthera pakhosi. Amaopa kukalipiridwa, amaopa kusekedwa, amaopa kuoneka mbuli. Pamene iye akulimbana ndi mantha akewo, nthawi ya wodwala ikutha.

Tiyambe tadziwa kumene mukupita. Kwa zaka zambiri boma la Blantyre lakhala lopanda chipatala chake chapaboma monga zilili ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Chiradzulu. Choncho wodwala amene walephereka ku Ndirande, ku Limbe, ku Bangwe, ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni amathera pa Ginnery Corner, kuchipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital. Ana ali ndi chipinda chawo cha ngozi chimene chinatsegulidwa mu 2001, ndipo akuluakulu ali ndi chawo, AETC, chimene chinatsegulidwa mu 2011. Wogwa pa kabaza, wogundidwa pamsewu wa Masauko Chipembere, mwana wopsa ndi phala, bambo womwa tameki, mayi amene shuga wakwera, onsewa adzafikira m'manja mwanu. Masiku ena khomo limachita kuchepa. Mukukumbukira matenda a kolera a mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mukukumbukiranso Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Pa tsiku lotere palibe amene ali ndi mpata wolota zimene zili mumtima mwa mnzake. Chimene sichinanenedwe sichichitika.

N'chifukwa chake ndikufuna mutuluke muno ndi mawu atatu awa: zimene mwaona, nenani, nenani momveka, tsimikizani kuti zamveka. Ndiwafotokoza m'mfundo zisanu. Yoyamba, kulankhula ndi wodwala ndi womudikirira. Yachiwiri, kuitana dokotala. Yachitatu, kubwereza malangizo ndi kusiyirana ntchito. Yachinayi, kulankhula pamaso pa akuluakulu. Yachisanu, kumene kudzidalira kumachokera.

1. Kulankhula ndi wodwala ndi womudikirira

Nonse munaphunzira ETAT, njira yosankhira ana odwala m'magulu atatu: wofunika thandizo pompano, wofunika kuonedwa msanga, ndi wotha kudikira pamzere. Mwina ena simudziwa kuti njira imeneyi inakulira konkuno. Pulofesa Elizabeth Molyneux pamodzi ndi anamwino ndi madokotala a ku Gulupu ndiwo anaiyesa ndi kuikhwimitsa, ndipo bungwe la WHO linaifalitsa kumaiko ena. Zisanasinthe zinthu mu 2001, mwa ana 100 alionse ogonekedwa ankamwalira 10 mpaka 18. Ogwira ntchito ataphunzitsidwa, odwala n'kumasankhidwa pakhomo, a m'chipinda cha ngozi n'kumagwirizana bwino ndi a kuwodi, chiwerengerocho chinatsika kufika pa 6 mpaka 8. Amene anachita zimenezi ndi anamwino a ku Malawi ngati inu nomwe.

Koma kusankha odwala sikuthera m'maso ndi m'manja. Mayi amene wakhala pabenchi kuyambira m'mamawa, mwana ali kumsana, akaona mnzake wongofika kumene akulowetsedwa, amaganiza kuti pali kudziwana kapena ziphuphu. Mukapanda kumuuza chifukwa, mkangano wayamba. Muuzeni kuti, "Mayi, mwana uyu akubanika, tiyamba ndi iyeyu. Wanu ndamuona, tibwera kwa inu. Akasintha kapumidwe kapena akakomoka, mundiitane msanga." Mawu ochepa amenewa amaziziritsa mtima wa mayiyo, komanso amakupatsani maso ena oyang'anira mzere pamene inu muli mkati.

Mukafika pa wodwala, perekani moni, nenani dzina lanu ndi ntchito yanu. Funsani kuti, "Chavuta n'chiyani?" kenako khalani chete pang'ono, munthu alankhule. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso limene ndikukupemphani kuti mulitaye lero ndi lakuti, "Munali kuti masiku onsewa?" Funso limeneli silichiza munthu, limangomutseka pakamwa. Womudikirira akachita manyazi, sakuuzani kuti anayamba apita kwa sing'anga, sakuuzani za mankhwala azitsamba amene mwana wamwetsedwa, sakuuzani za mapiritsi ogula pagolosale, sakuuzani kuti bambo anasiya kumwa ma ARV miyezi yapitayo. Pamene zimene wabisazo ndizo zikanakulozerani chochita. Nkhani zotere funsani motsitsa mawu, katani atatsekedwa, chifukwa bedi loyandikana nalo lili ndi makutu.

Lankhulani chilankhulo cha wodwala. Chingerezi chisiyireni faelo. Agogo ochokera ku Nsanje akamalankhula Chisena, kapena a ku Mangochi akamalankhula Chiyao, funani mnzanu wochidziwa. Munthu wosamva muyang'aneni kumaso, mulembereni papepala, funani womasulira ndi manja. Ndipo mukatha kulangiza musafunse kuti, "Mwamva?" Mmalawi aliyense waulemu amayankha kuti eya. Nenani kuti, "Tandiuzani, mankhwalawa mukamwa bwanji kunyumba?" Yankho lake ndilo likuuzeni ngati zamveka.

Tsiku lina mudzafunika kunena uthenga wa maliro. Musauzembe, ndipo musaunene mukuyenda m'khonde. Funsani amene ali wamkulu pakati pa abale, muwatengere poduka mphepo, mukhale nawo pansi. Nenani zoona mwaulemu: "Pepani kwambiri, tinayesetsa, koma bambo atisiya." Apatseni nthawi yolira musanayambe za mapepala ndi za kumochale. Ngati wodwala akufooka, auzeni abale zinthu zisanafike poipa. Banja limaiwala dzina la mankhwala, koma momwe munawauzira saiwala moyo wawo wonse.

2. Kuitana dokotala

Nthawi ili 2 koloko usiku. Dokotala ali mmodzi, ndipo akuthamangira mbali zitatu. Mukaimba foni n'kunena kuti, "Adokotala, wodwala uja sakuoneka bwino," mwamupatsa chiyani? Wodwala uti? Sakuoneka bwino motani? Iye sangasiye amene ali naye m'manja chifukwa cha mawu otere, ndipo simungamuimbe mlandu.

Pali njira yotchedwa SBAR, imene inayambira kwa asilikali a pamadzi a ku America, kenako zipatala zinaitengera. Ndi mafunso anayi amene mumadziyankha musanagwire foni. Chikuchitika n'chiyani pompano? Zinayamba bwanji? Ine ndapeza chiyani, ndipo ndikuganiza kuti vuto n'chiyani? Ndikupempha chiyani?

Tamverani momwe zimamvekera: "Adokotala, ndine namwino wa ku chipinda cha odwala kwambiri. Pabedi 2 pali bambo a zaka 34, BP yawo yatsika kufika 80 pa 50. Anagwa pa kabaza ku Ndirande madzulo ano, ndipo akudandaula kupweteka kumanzere kwa mimba. Mtima ukugunda ka 130 pa mphindi, manja azizira, mimba yauma. Ndikuganiza kuti akutaya magazi mkati. Ndaika madilipu awiri, ndatumiza magazi kulabu. Ndikupempha kuti mubwere tsopano lino." Mawu amenewa satenga ngakhale mphindi imodzi, koma dokotala amadzuka akudziwa kale zoti aitane a kufiyeta.

Anamwino atsopano ambiri amanena ziwiri zoyambazo n'kuima. Amaopa kunena kuti "ndikuganiza kuti", poti amayesa kuti kuganiza ndi kwa dokotala yekha. Ayi, ana anga. Inu ndi amene mwakhala pambali pa wodwalayo, ndinu mwamugwira dzanja. Ganizo lanu likhoza kuphonya, dokotala adzalikonza, koma likhale lanenedwa.

Muzikonda manambala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, akuthandiza ana odwala malungo a mu ubongo mumzinda uno, anakonza muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale. Umayang'ana zinthu zitatu: mmene mwana akusunthira akamva kupweteka, mmene akulirira, ndi mmene maso ake akutsatira zinthu, ndipo umachokera pa 0 kufika pa 5. Lero ukugwiritsidwa ntchito kumaiko ambiri, dzina la mzinda wathu lili pomwepo. Ubwino wake ndi wakuti anthu awiri amamvana msanga. Mukati, "Mwana anali pa 4, tsopano ali pa 2," aliyense amadziwa kuti zavuta. Mukati, "Mwana wafookako," aliyense amamva zake. Zimene mwaona, nenani, ndipo nenani momveka.

3. Kubwereza malangizo ndi kusiyirana ntchito

Mukakwera minibasi ku Limbe kulowera m'tauni, n'kufuna kutsika pa Chichiri, simungoganiza mumtima. Mumanena kuti, "Pa Chichiri wotsika." Kondakitala amabwereza mokweza, n'kumenya denga la galimoto, dalaivala n'kupatuka. Kondakitala akapanda kubwereza mumadziwa kuti sanamve, ndipo mumanenanso, apo ayi mukatsikira ku Ginnery Corner. Ngati anthu a minibasi amatsimikiza uthenga wa siteji, kuli bwanji ife amene uthenga wathu ndi mlingo wa mankhwala?

Pamene mukudzutsa munthu amene mtima waima, m'chipinda mumakhala phokoso. Dokotala akati, "Perekani adrenaline 1 mg mumtsempha," inu yankhani mokweza, "Adrenaline 1 mg mumtsempha." Mukabaya nenani, "Adrenaline 1 mg yalowa," ndipo tchulani nthawi kuti wolemba alembe. Ngati simunamve bwino, musaganizire. Nenani kuti, "Bwerezani, sindinamve." Inunso mukamatuma, musaponye mawu m'malere kuti, "Wina abweretse oksijeni." Ntchito ya wina ilibe mwini. Tchulani dzina la munthu, muyang'aneni, dikirani avomere.

Chimodzimodzi posiyirana ntchito. Nthawi yosinthana shifiti ndi yoopsa, chifukwa wotuluka watopa ndipo wolowa sanadziwe kalikonse. Siyiranani pambali pa bedi, wodwala mukumuona, osati patebulo pokha. Nenani zinthu zitatu: zimene zachitika, zimene zatsala, ndi chimene mukuopa kuti chingachitike usiku uno. Mukamapititsa wodwala kuwodi, ku X-ray kapena kufiyeta, musangosiya machira pakhomo. Mupezeni namwino mnzanu, mum'patse wodwalayo pamanja.

Inu amene mukagwire ntchito m'zipatala zazing'ono za m'makwalala athu, ku Limbe, ku Bangwe, ku South Lunzu, kumbukirani kuti kalata yotumizira wodwala ndi pakamwa panu pamene inu palibe. Lembani zooneka: munapeza chiyani, munapereka mankhwala anji, mlingo wanji, nthawi yanji. Ngati n'kotheka imbani foni ambulansi isananyamuke. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yambiri yosamvana imaligwetsa. Tsimikizani kuti zamveka.

4. Kulankhula pamaso pa akuluakulu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tonse tinaleredwa kuti mwana sayankha wamkulu, sadula mawu a wamkulu, sayang'ana wamkulu m'maso. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo sindikuti muutaye. Koma pambali pa munthu amene akubanika, kukhala chete si ulemu.

Vutoli si la ku Malawi kokha. Mu 2005, ku England, mayi wina wa zaka 37, Elaine Bromiley, anapita kuchipatala kukachitidwa opaleshoni yaing'ono ya m'mphuno. Atagonekedwa tulo, madokotala analephera kulowetsa chubu chopumira. Anali madokotala odziwa ntchito, ndipo anapitiriza kuyesa kwa mphindi zambiri, mpweya m'magazi mwake uli pansi. Anamwino anaona ngoziyo. Wina anabweretsa zida zoboolera njira ya mpweya pakhosi, wina anakonzeratu bedi kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Koma mawu awo sanalowe m'makutu mwa madokotala, ndipo iwo sanalimbikire. Mayiyo anaonongeka ubongo, n'kumwalira patapita masiku 13. Mwamuna wake, Martin Bromiley, amene ndi woyendetsa ndege, wakhala akuphunzitsa azachipatala kuti wamng'ono akaona ngozi ayenera kulankhula, ndipo wamkulu ayenera kumvetsera. Chipatalacho chinali ndi zida zonse. Chinasowa ndi mawu ofika pamene anayenera kufika.

Ndiye mulankhule bwanji popanda mwano? Kwerani pang'onopang'ono. Yambani ndi funso: "Pepani adokotala, mlingo uwu ndi wa mwana wa makilogalamu 8?" Kawirikawiri funso lokha limakwana, chifukwa munthu wotopa amangofunika kukumbutsidwa. Ngati sizinamveke, nenani nkhawa yanu poyera: "Adokotala, ndili ndi nkhawa. Mlingowu ndikuuona kuti wachuluka." Ngati sizinamvekebe, imitsani: "Chonde tiime kaye, tikhoza kumuvulaza mwanayu. Ndikuitana a sisita tionere limodzi." Mwatchula udindo wake, mwanena pepani, simunakweze mawu mwachipongwe, koma jakisoniyo simunabaye. Kumbukirani kuti dzanja limene labaya ndilo limakayankha ku khonsolo ya anamwino. Ndipo zimene mwanena, zilembeni mufaelo pamodzi ndi nthawi yake.

Mwina mudzapezeka kuti munalakwitsa ndinu, dokotala anali wolondola. Palibe chimene chatayika. Mwaphunzirapo kanthu, ndipo wodwala ali moyo. Manyazi a mphindi imodzi sangafanane ndi maliro.

5. Kumene kudzidalira kumachokera

Ena mwa inu mukuti mumtima, "Ine ndinabadwa wamanyazi." Ndikuuzeni kuti masisita amene mumawasirirawa sanabadwe akulamula chipinda. Kudzidalira si chibadwa, ndiponso si matama. Wamatama safunsa, ndipo ndi woopsa kuposa wamantha. Kudzidalira kwenikweni kumamera pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi kukonzekera. Nkhanga zinapangana kusanapse. Fikani msanga pantchito, tsegulani tirole ya zadzidzidzi, gwirani chilichonse ndi manja anu. Dziwani pamene pali chopopera mpweya cha mwana ndi cha wamkulu, pamene pali adrenaline, pamene pali shuga wa mumtsempha, ndi silinda imene mudzathamangire magetsi akazima. Namwino amene akudziwa pamene pali zida sanjenjemera mawu. Yesererani ndi zidole, ndipo poyeserera musamangophunzitsa manja okha. Nenani mawuwo mokweza, imbiranani foni yongoyerekeza, sinthanani kukhala dokotala wokwiya ndi womudikirira wolira. Lilime limene lanenapo mawu kakhumi m'kalasi silimangika tsiku la ngozi.

Chachiwiri ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Mawu akuti "sindikudziwa, ndionetseni" ndi mawu a namwino wabwino. Sankhani sisita mmodzi amene mukuona kuti amagwira ntchito mwadongosolo, mum'pemphe kuti azikuyang'anirani ndi kukuuzani zoona. Musanyozenso othandizira odwala, okankha machira ndi okolopa. Ambiri a iwo aona odwala ochuluka kuposa inu, ndipo akakuuzani kuti wodwala wa pakona wasintha, thamangani.

Chachitatu ndi kukambirana zinthu zikatha. Mukamaliza kudzutsa munthu, kaya wapulumuka kaya watisiya, imani pamodzi mphindi zisanu. Funsanani kuti chayenda bwino n'chiyani, chavuta n'chiyani, mawa tidzasinthe chiyani. Musafunefune wolakwa, funani chimene chalakwika. Ndipo imfa ya mwana ikakulemerani mumtima, musapite nayo kunyumba nokha. Uzani mnzanu, uzani a sisita, uzani mlangizi kapena abusa anu. Namwino amene amameza zonse amayamba kuuma mtima, kenako amayamba kukalipira odwala. Anamwino ambiri aukali amene anthu amawadandaula anayamba ali achifundo, koma analibe wowamvera.

Tsopano ndilankhule kwa inu akuluakulu anzanga, madokotala ndi masisita. Ana awa adzalankhula ngati ife tiwalola. Momwe mudzayankhire foni yawo yoyamba ya usiku ndi zimene zidzagamule ngati adzaimbenso. Mukamukalipira pamaso pa odwala, mawa adzaona BP ikutsika n'kukhala chete, ndipo mlandu wake udzakhala wa tonse. Akakuitanani pa chinthu chaching'ono, muyamikeni kaye, kenako muphunzitseni. Mukalowa m'chipinda, dziwani maina awo, ndipo auzeni kuti, "Mukaona chimene ine sindikuona, mundiuze." Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene mukuwaphunzitsa lerowa ndi amene adzatilandire ifeyo tsiku limene tidzabwere titagona pa machira.

Ana anga, ndamaliza mfundo zanga zisanu. Mankhwala adzasowa masiku ena, mabedi adzachepa, ogwira ntchito adzaperewera. Zimenezo si inu nokha mungazikonze, ndipo tipitiriza kuzinena kwa oyenera. Koma moni kwa wodwala, lipoti lomveka kwa dokotala, kubwereza mlingo, ndi kulimba mtima konena kuti "tiime kaye", zimenezi zili m'manja mwanu kuyambira shifiti yanu yoyamba. Anthu a ku Ndirande, ku Chilobwe, ku Mbayani ndi ku Machinjiri akukudalirani, ndipo ambiri a iwo adzafika osatha kudzilankhulira okha. Alankhulireni inuyo. Zimene mwaona, nenani. Nenani momveka. Tsimikizani kuti zamveka.

Mulungu akudalitseni pantchito yanu.